Mutu waching'alang'ala: mankhwala amene amachiza angathenso kudwalitsa

Blantyre: M'magolosale ndi m'maokala a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, mapiritsi a mutu amakhala pa shelefu imodzi ndi machesi, mchere ndi sopo, ndipo amagulitsidwa awiriawiri. Munthu wamkulu akamva mutu sayamba waganiza zokaima pamzere kuchipatala. Amatuma mwana kukagula Panado kapena Brufen, n'kumwa, n'kupitiriza ntchito yake. Kwa anthu ambiri zimenezi zimakwanira.

Koma alipo ena amene mutu wawo suli wotero. Umabwera n'kuwagoneka tsiku lathunthu kapena masiku awiri m'chipinda cha mdima, n'kupita, kenako n'kubweranso pakatha sabata kapena mwezi. Umenewu ndiye mutu waching'alang'ala, womwe achipatala amautchula kuti migraine. Mankhwala ake alipo, ena ongogula, ena ofunika chikalata cha dokotala, ndipo amathandiza ndithu. Chovuta n'chakuti mankhwala omwewo, akamwedwa pafupipafupi kapena ndi munthu amene ali ndi matenda ena, amatha kusandutsa mutu wa apo ndi apo kukhala wa tsiku ndi tsiku, kapenanso kuwononga m'mimba, impso ndi mitsempha ya magazi.

Matendawa si a anthu ochepa ayi. Pa dziko lonse lapansi amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse, ndipo amayi amadwala kwambiri kuposa abambo, pafupifupi katatu. Kafukufuku amene anachitika kwa anansi athu ku Zambia, m'zigawo za Lusaka ndi Southern, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015, anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 23 mwa 100 alionse anali atadwalapo mutu waching'alang'ala m'chaka chimodzi. Anapezanso kuti pafupifupi 7 mwa 100 alionse ankamva mutu masiku ambiri pamwezi uku akumwa mankhwala opha ululu mopyola muyeso, ndipo vutoli linali lalikulu m'tauni kusiyana ndi kumudzi. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: m'tauni piritsi lili pafupi.

Kodi mutu umenewu umadziwika bwanji?

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kumaonetsa mutu waching'alang'ala. Dokotala amaudziwa pomvetsera zimene wodwala akufotokoza ndi pomupima kuti atsimikize kuti si matenda ena. Kawirikawiri mutuwu umapweteka mbali imodzi, ngakhale kuti kwa ena umagwira mbali zonse. Umagunda ngati mtima, umakula munthu akamayenda kapena kukwera chitunda, ndipo umadza ndi mseru kapena kusanza. Wodwala amadana ndi kuwala komanso phokoso, moti wailesi ya a neba kapena kulira kwa chigayo kumamusautsa. Ukapanda kuchizidwa umatenga maola 4 kufikira 72, ndipo ukatha munthu amakhalanso bwinobwino kufikira ulendo wina.

Odwala ena, pafupifupi mmodzi mwa atatu kapena anayi, amalandira chenjezo mutu usanayambe. Amaona timizere tonyezimira tokhotakhota, kapena mbali ina ya zimene akuyang'ana imasowa, kapena dzanja ndi milomo zimachita dzanzi. Izi zimatenga mphindi 5 kufikira 60 n'kutha zokha. Achipatala amazitchula kuti aura, ndipo wodwala amene amaona zoterezi ayenera kuuza dokotala, chifukwa zimasintha mankhwala amene angapatsidwe, makamaka kwa amayi.

Gwero la matendawa lili mu ubongo momwemo, ndipo nthawi zambiri amayenda m'magazi a banja. Mtsempha waukulu womwe umanyamula uthenga wa ululu kuchokera kunkhope ndi ku zikuto za ubongo umatekeseka msanga, n'kutulutsa timadzi tina timene timatupitsa mitsempha ya magazi yozungulira ubongo. Zimene zimauputa ndi zodziwika: kudumphitsa chakudya, kusamwa madzi okwanira m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kugona pang'ono monga amachitira alonda ndi anamwino ogwira ntchito usiku, mowa, nkhawa, ndiponso nthawi ya msambo.

Si mutu uliwonse

Munthu asanayambe kukamba za mankhwala, pali mitu ina imene siyenera kuyesedwa ndi piritsi kunyumba, ndipo m'dziko muno mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa m'maiko ambiri. Mutu wodza ndi kutentha thupi ukhoza kukhala malungo, ndipo kuyeza kwake kumatenga mphindi zochepa pa chipatala chaching'ono chilichonse. Mchitidwe womwa LA popanda kuyezedwa, pongoganiza kuti mutu ulionse ndi malungo, wachititsa kuti anthu ena adwale ching'alang'ala zaka zambiri osadziwa dzina la matenda awo.

Mutu wodza ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kusokonezeka maganizo kapena kukomoka ukhoza kukhala matenda oumitsa khosi. Kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, makamaka amene sanayambe kumwa ma ARV kapena anawasiya, mutu wosamva mankhwala womwe ukukulirakulira kwa masiku angapo ukhoza kukhala mtundu wa matendawa wotchedwa cryptococcal meningitis, womwe umapha ngati chithandizo chachedwa. Zina zofunika kuthamangira kuchipatala ndi mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mphezi n'kufika pachimake m'mphindi imodzi, mutu wodza ndi kufooka kwa mbali imodzi ya thupi kapena kulephera kulankhula, mutu wotsatira ngozi monga kugwa pa njinga ya kabaza, mutu watsopano mwa munthu wopitirira zaka 50, ndiponso mutu waukulu mwa mayi woyembekezera amene mimba yake yadutsa miyezi isanu.

Zipatala zazing'ono za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu ku Machinjiri ndizo poyambira, ndipo zikaona zizindikiro zotere zimatumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri amachitchula kuti Gulupu.

Kumwa msanga, pa mlingo wokwanira

Zikatsimikizika kuti ndi ching'alang'ala, chithandizo choyamba si mankhwala achilendo kapena odula ayi. Mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO umatchula aspirin, ibuprofen ndi paracetamol. Ibuprofen ndiye Brufen uja, ndipo paracetamol ndiye ali mu Panado. Kwa munthu wamkulu wopanda matenda ena, mlingo wodziwika ndi mamiligalamu 900 a aspirin, kapena 400 a ibuprofen, kapena 1,000 a paracetamol. Mwa atatuwa, paracetamol ndiye wofooka pa mutu umenewu, koma ndiyenso wofatsa m'mimba.

Chimene odwala ambiri amalakwitsa ndi nthawi. Amapirira kaye, poganiza kuti mwina usiya wokha kapena posafuna kuwononga ndalama, ndipo amamwa piritsi mutu utafika kale povuta. Pa nthawi imeneyo m'mimba mumakhala mutaima, sumupereka msanga chimene chamezedwa ku matumbo kumene mankhwala amalowera m'magazi, ndipo nthawi zina piritsi limabwerera lonse ndi masanzi. Ndiye wodwala amati mankhwalawo ndi opanda mphamvu, n'kumwa ena, n'kuwonjezeranso ena. Mlingo umodzi wokwanira womwedwa mutu ukangoyamba umaposa milingo itatu yomwedwa mochedwa.

Pa chifukwa chomwechi dokotala amatha kulemba metoclopramide, mamiligalamu 10, womwera limodzi ndi mankhwala opha ululu. Ameneyu amaletsa mseru ndipo amafulumizitsa m'mimba. Sayenera kumwedwa masiku ambiri motsatizana, ndipo mwa anthu ena, makamaka achinyamata, amaumitsa khosi ndi nsagwada kapena kutembenuza maso. Zimenezi zimaopsa abale, ena mpaka kuganiza zamatsenga, koma kuchipatala zimachizika msanga ngati auzidwa mankhwala amene munthuyo wamwa.

Aspirin, ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin, yemwe amadziwika kuti Indocid, ndi a banja limodzi ndipo kuipa kwawo n'kofanana. Amakanda m'mimba, choncho munthu wa zilonda za m'mimba kapena amene anasanzapo magazi sayenera kuwamwa. Amalemetsa impso ndipo amatha kukweza kuthamanga kwa magazi. Ena a mphumu amabanika akawamwa. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, omwe ndi ambiri m'dziko muno, ayenera kusamala kwambiri chifukwa mankhwala onse awiri amadutsira ku impso. Kumwa awiri a banja limeneli nthawi imodzi, monga Brufen ndi Indocid, sikuwonjezera kuchira koma ngozi yokha. Paracetamol naye ali ndi malire ake: mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa maola 24, ndipo woposa apo amaika chiwindi pachiswe, makamaka ngati ndi wokonda mowa. Mankhwala ambiri a chimfine ali ndi paracetamol kale m'kati, ndipo munthu amatha kupyola malire osadziwa.

Sumatriptan ndi mtima

Mankhwala wamba akalephera maulendo angapo ngakhale amwedwa moyenera, pali gulu lina lopangidwira mutu waching'alang'ala wokha. Woyamba mwa iwo, sumatriptan, anayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 1991, ndipo bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira mu 2021. Iye sapha ululu wa mtundu uliwonse ngati mmene achitira Panado. Amakhazika pansi mtsempha wotekeseka uja ndipo amafinya mitsempha ya magazi imene yatupa. Kuno sapezeka wamba, ndipo amene amamugwiritsa ntchito nthawi zambiri amagula m'mafamase pa mtengo wokwera.

Mlingo wake ndi mamiligalamu 50 kapena 100, womwedwa mutu ukangoyamba, osati pa nthawi ya aura. Mutu ukasiya n'kubweranso, piritsi lachiwiri lingamwedwe pakatha maola osachepera awiri. Koma ngati loyamba silinathandize n'komwe, lachiwiri silithandizanso pa ulendo umenewo, ndipo kumwa n'kungotaya ndalama. Ena akamwa amamva kutentha, kulemera kwa manja kapena kuthina pakhosi ndi pachifuwa kwa kanthawi. Kupweteka kwenikweni kwa pachifuwa n'kofunika kukaonedwa nthawi yomweyo.

Popeza amafinya mitsempha, sumatriptan ndi woletsedwa kwa munthu wa matenda a mtima, amene anadwalapo sitiroko, amene magazi sayenda bwino m'miyendo, ndiponso amene magazi ake amathamanga kwambiri koma sali pa chithandizo chokwanira. Apa ndi pamene pali msampha. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 kufikira 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Choncho munthu amene walandira mapiritsi ameneŵa kwa mnzake wa kuntchito kapena kwa mbale wochokera ku Johannesburg, asanayezedwe BP, sadziwa ngati ali m'gulu loletsedwalo kapena ayi.

Ergotamine ndi ma ARV

Mankhwala akale kuposa sumatriptan, omwe amapezekabe m'malo ena, ndi ergotamine, kawirikawiri wosakanizidwa ndi caffeine. Anapezedwa mu 1918 ndi katswiri wa ku Switzerland, Arthur Stoll, kuchokera ku nkhungu imene imamera pa mbewu ya rye. Nkhungu yomweyi ndiyo kalelo ku Ulaya inkapha anthu ndi kuwawoletsa zala akadya buledi wa ufa woipitsidwa, ndipo mbiri imeneyi ikusonyeza kale mphamvu yake. Ergotamine amafinya mitsempha ya thupi lonse, ndipo amachedwa kutuluka m'thupi.

Chiwindi ndicho chimamuphwanya, koma pali mankhwala ena amene amatseka njira imene chiwindi chimagwiritsa ntchito. Oyamba pa iwo ndi ritonavir, yemwe amaphatikizidwa ndi atazanavir, lopinavir kapena darunavir m'ma ARV operekedwa kwa amene mankhwala oyamba anasiya kugwira ntchito m'thupi mwawo. Erythromycin, yemwe amalembedwa kawirikawiri pa matenda a pakhosi ndi pachifuwa, amachitanso chimodzimodzi. Munthu womwa mankhwala amenewa akamwa ergotamine, ngakhale mapiritsi ochepa chabe, mlingo wake m'magazi umakwera kwambiri, manja ndi miyendo zimazizira ndi kuchita dzanzi, ndipo pali odwala m'maiko osiyanasiyana amene anadulidwa zala kapena mwendo kaamba ka zimenezi. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi anasamutsidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe alibe vuto limeneli, koma wodwala sangadziwe yekha gulu limene ali popanda kufunsa.

Vuto lenileni pano ndi manyazi. Munthu amatenga ma ARV ake ku chipatala china, n'kukadandaula za mutu ku chipatala china kapena ku famase, osatchula za mankhwala oyambawo. Ena amasunga mabuku awiri a kuchipatala, lina loonetsa ndi lina lobisa. Zifukwa zake n'zomveka, koma dokotala amene waona buku limodzi amalemba mankhwala ali m'chimbulimbuli.

Ergotamine ndi sumatriptan samwedwa m'maola 24 amodzi. Ergotamine ndi woletsedweratu kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Iye ndi m'bale wa ergometrine, mankhwala amene azamba amawadziwa kuti amakunga chiberekero mayi akachira.

Kuwerenga masiku

Ngozi yofala kuposa zonsezi siichititsa phokoso. Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika mu msika wa Ndirande, amene amadwala ching'alang'ala kawiri pamwezi. Tsiku limene wagona ndi tsiku limene sapeza ndalama, choncho akangomva kulemera m'mutu m'mawa amamwa mapiritsi awiri kuti atetezeke. Pakatha miyezi ingapo akumwa katatu pa sabata, kenako kasanu. Tsopano amadzuka ndi mutu pafupifupi tsiku lililonse, wosagunda kwambiri ngati kale koma wosachoka, womwe umazilala akamwa piritsi n'kubwerera madzulo. Iye amaganiza kuti matenda akula ndipo akufunika mankhwala amphamvu. Zoona zake n'zakuti mankhwalawo ndiwo asanduka matenda.

Akatswiri a matenda a mutu anaika malire omveka bwino. Munthu amene amamwa paracetamol, aspirin kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yoposa itatu, ali pa ngozi ya mutu wobwera chifukwa cha mankhwala. Kwa sumatriptan, ergotamine, codeine, tramadol ndi mapiritsi osakaniza, monga aja okhala ndi caffeine, malirewo amatsika kufika masiku 10 pamwezi. Chowerengedwa ndi masiku, osati mapiritsi. Munthu amene wamwa mapiritsi asanu ndi limodzi tsiku limodzi loipa, n'kukhala sabata ziwiri osamwa, ali pabwino kusiyana ndi amene amamwa limodzi lokha m'mawa uliwonse. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti mankhwala oletsa mutu asapitirire masiku awiri pa sabata.

Za codeine, tramadol ndi pethidine tinene mosapita m'mbali: si mankhwala a mutu waching'alang'ala. Amawonjezera mseru, amazolowereka msanga, ndipo ndiwo amafulumizitsa kwambiri mutu wa tsiku ndi tsiku uja. Chikhulupiriro chakuti jakisoni amaposa piritsi, chomwe chimachititsa odwala ena kuumiriza achipatala kuti awabaye, chapweteketsa ambiri pa matenda amenewa.

Mankhwala oteteza

Amene amadwala masiku anayi kapena kuposerapo pamwezi, kapena amene mutu wake umamulepheretsa ntchito kawirikawiri, safunika mapiritsi ambiri oletsa ululu. Amafunika mankhwala a mtundu wina, omwedwa tsiku ndi tsiku, mutu ulipo kapena palibe, ndi cholinga chakuti uzibwera patalipatali. Awiri otsika mtengo komanso odziwika m'zipatala zathu ndi propranolol ndi amitriptyline.

Odwala amadabwa akalandira mankhwalawa, chifukwa propranolol amadziwika kuti ndi wa BP ndipo amitriptyline ndi wa matenda okhumudwa. Ena amafika powataya poganiza kuti dokotala sanawamvetse kapena akuwayesa odwala misala. Si choncho. Mankhwala onse awiri anapezeka kuti amachepetsa kutekeseka kwa mitsempha imene imayambitsa ching'alang'ala, ndipo amitriptyline amaperekedwa pa mlingo wochepa kwambiri kusiyana ndi wa matenda okhumudwa.

Propranolol sapatsidwa kwa munthu wa mphumu, chifukwa angamutseke chifuwa, kapena amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono. Kwa wodwala shuga womwa mankhwala amatha kubisa zizindikiro za kutsika kwa shuga. Sasiyidwa mwadzidzidzi. Amitriptyline amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa, amaumitsa m'kamwa, ndipo woyendetsa minibasi kapena njinga ya moto ayenera kuona kaye mmene akudzukira asanagwire chiwongolero. Ndi mankhwala oopsa kwambiri akamwedwa ambiri nthawi imodzi, motero asungidwe potalikira ana, osati m'kabati ya mbale kapena pansi pa pilo.

Chofunika kudziwa n'chakuti mankhwala oteteza sagwira ntchito tsiku lomwelo. Amayambidwa pa mlingo wochepa n'kumakwezedwa pang'onopang'ono, ndipo pamafunika miyezi iwiri kapena itatu kuti aweruzidwe. Akachepetsa masiku odwala ndi theka, ndiye kuti agwira ntchito, ngakhale mutu usanatheretu. Ambiri amawasiya sabata yachiwiri, pamene zovuta zake zayamba kumveka koma phindu lisanaoneke. M'maiko olemera muli mankhwala atsopano, ena obaya kamodzi pamwezi, omwe woyamba wake, erenumab, anavomerezedwa ku America mu 2018, koma mtengo wake ndi wosafikirika kwa odwala ambiri kuno.

Amayi, kulera ndi pakati

Popeza odwala ambiri ndi amayi a msinkhu wobereka, pali mfundo ziwiri zimene siziyenera kuphonyedwa. Yoyamba ndi ya kulera. Mayi amene amaona aura sayenera kumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, monga Microgynon, chifukwa zinthu ziwirizi zikaphatikizana zimakweza mwayi wodwala sitiroko, makamaka ngati amasutanso fodya kapena ali ndi BP. Malangizo a WHO amaletseratu zimenezi. Njira zina monga jakisoni wa Depo, ya pamkono ndi lupu zilibe estrogen, ndipo anamwino a za kulera angathandize kusankha ngati auzidwa za timizere tonyezimira tija.

Yachiwiri ndi ya pakati. Mankhwala awiri a khunyu, sodium valproate ndi topiramate, amagwiritsidwanso ntchito poteteza ching'alang'ala, koma amavulaza mwana wosabadwa. Mwa ana obadwa kwa amayi amene ankamwa valproate ali oyembekezera, pafupifupi 10 mwa 100 alionse amabadwa ndi chilema, ndipo ochuluka kuposa apo amavutika kukula m'nzeru. Valproate sayenera kupatsidwa chifukwa cha mutu kwa mayi amene angatenge pakati. Kwa woyembekezera, choyambira ndi paracetamol. Ibuprofen ndi anzake apewedwe, makamaka m'miyezi itatu yomaliza. Chotonthoza n'chakuti amayi ambiri amaona mutu ukuchepa wokha mimba ikadutsa miyezi itatu.

Kogula ndi zofunsa

Lamulo la dziko lino limasiyanitsa mankhwala ogulitsidwa m'sitolo wamba ndi amene amafunika chikalata cha dokotala. Woyang'anira zimenezi ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ergotamine, amitriptyline, propranolol, tramadol ndi anzawo sayenera kupezeka pa benchi mu msika. Mapiritsi ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, omwe akhala padzuwa tsiku lonse, sadziwika mlingo wake, tsiku lothera mphamvu kapena ngati ali enieni n'komwe, ndipo wogulitsa safunsa za mphumu, za pakati kapena za ma ARV.

Kumanga mutu ndi nsalu yonyowa ndi kugona m'chipinda cha mdima, monga ankachitira makolo, n'kothandiza ndipo kulibe choipa. Kutema mphini m'mbali mwa mutu sikufika pa gwero la matendawa, ndipo lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Amene akumwa mankhwala azitsamba anene poyera kuchipatala, pakuti nawonso amadutsira m'chiwindi ndi impso zomwezo.

Chida chothandiza kwambiri dokotala ndi chotsika mtengo kuposa piritsi lililonse: kalendala ya pakhoma kapena tsamba lakumapeto kwa buku la kuchipatala. Wodwala alembe chizindikiro pa tsiku lililonse limene wamva mutu, chizindikiro china pa tsiku limene wamwa mankhwala ndi dzina lake, ndipo mayi alembenso masiku a msambo. Pa chipatala chodzaza ngati cha Ndirande kapena Bangwe, pomwe wodwala amakhala ndi dokotala mphindi zowerengeka, tsamba limeneli limayankha mafunso amene munthu sangawakumbukire pamtima. Apite nalo pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, a boma, ogula ndi opatsidwa.

Tsambalo likaonetsa kuti masiku omwa mankhwala apyola malire, chithandizo chake ndi kusiya mankhwalawo. Paracetamol, ibuprofen, sumatriptan ndi ergotamine angasiyidwe nthawi imodzi, koma codeine ndi tramadol amachepetsedwa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi achipatala. Wodwala ayenera kuuzidwiratu kuti masiku oyamba, mwina kufikira sabata ziwiri, mutu umakula, mseru umabwera ndipo tulo timasowa, chifukwa amene sanachenjezedwe amabwerera ku okala tsiku lachitatu. N'chifukwa chake ndi bwino kusankha nthawi imene ntchito yachepa ndi kudziwitsa a pabanja. Dokotala amatha kuyambitsa mankhwala oteteza nthawi yomweyo, n'kupereka tsiku lobweranso pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, kuti adzaone pa kalendala ija ngati mutu wabwerera ku kachitidwe kake kakale ka apo ndi apo.